Mipando ya ku Mgona

Ana anga, Chisomo, Tadala ndi Yamikani, mumandiseka kuti chipumireni pa ntchito sindinasiye kufunsa anthu mafunso, moti ngakhale wogulitsa makala akaima pageti ndimafuna kudziwa kuti ali ndi ana angati ndipo dzulo anadya chiyani. Sindikukana. Popeza mawondo ayamba kundikaniza kuyenda, ndati ndikhale pansi ndikulembereni za ntchito imene inandilowetsa m'nyumba za eni kwa zaka zambiri. Za ubwana wanga ku Ntcheu munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindibwereza.

2000

Ntchito ya pamwezi ndinaiyamba mochedwa, nonse atatu mutabadwa kale. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Area 25, bambo anu akugwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Ananditenga ngati mlangizi wa chitukuko cha m'madera, n'kunditumiza ku kaofesi ka zipinda ziwiri ku Kawale. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ya pa M1, titapanikizana anayi anayi, kondakitala ali pamsana panga, kukatsika ku depoti n'kumaliza ulendowo wapansi. Nsapato zanga zinkatha chidendene chakumanzere chokha, ndipo wosoka nsapato wa pamsika wa Kawale ankachita kundilonjera ngati mbale wake.

Bwana wathu anali a Chikafa, munthu wamtali wa ku Dedza, amene sankavula jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Sankakalipa. Ukalakwa ankangovula magalasi, kuwapukuta pang'onopang'ono, n'kukuyang'ana mpaka iwe wekha uyambe kupepesa. Mu ofesimo zinthu zinali zosowa. Mapensulo ankawadula pakati ndi lezala n'kutipatsa theka theka, ndipo kuti ulandire lina unkayenera kubweza kachitsa ka lakale. Tinali ndi njinga yamoto imodzi imene inkadikira tayala kuchokera kulikulu, ndipo inadikira mpaka nkhuku za a neba zinayamba kuikira mazira pansi pake. Komabe ndikakumbukira masiku amenewo mtima umandiwawa ndi kuwasowa. Masana tinkakhala pakhonde tonse asanu, kugawana chinangwa chophika ndi tsabola, kuseka mpaka misozi. A Chikafa ankadyera m'kati okha, koma tinkawamva akusekera chapansipansi.

2001

Chaka chimenecho kunabwera ntchito yatsopano. Zokolola zinali zitavuta, chimanga chikukwera mtengo sabata ndi sabata, ndipo bungwe lina lachifundo linalonjeza kuthandiza mabanja ovutikitsitsa a m'makomboni ndi thumba la chimanga mwezi uliwonse mpaka anthu adzakolole. Matumbawo anali owerengeka, ovutika anali mzinda wonse. Ndiye panafunika kuyeza umphawi, khomo ndi khomo, kuti adziwike wosaukitsitsa ndani. Anatipatsa fomu ya masamba anayi. Denga ndi la malata kapena la udzu? Pansi pali simenti? Muli wailesi, njinga, tebulo, mipando? Amadya kangati patsiku? Nyama anaidya liti komaliza? Yankho lililonse linali ndi mapointi ake, ndipo mapointi akapitirira mzere wina wake, banjalo silinkalowa pa mndandanda wolandira.

Amene analemba fomuyo ndikhulupirira sanagonepo m'nyumba ya lendi. Ku Biwi ndi ku Area 23 unkapeza banja likugona ndi njala pansi pa malata a landilodi, koma malatawo n'kulidyera mapointi. Tinadandaula, a Chikafa anati fomu si yathu, yathu ndi pensulo. Pa maphunziro anatiuza chinthu chimodzi mobwerezabwereza, kuti anthu adzatibisira katundu, choncho tizilemba zimene maso aona, osati zimene pakamwa panena.

Apa ndiye ndinadziwika. Ine munthu sankandipusitsa. Ku Biwi bambo wina anandilumbirira kuti TV sanaigwirepo chibadwire, ine ndikuona eriyo padenga ndi malo opanda fumbi patebulo pomwe inkakhala. Ku Kawale ndinatsata mapazi a njinga kuchokera pakhomo mpaka kubafa kumene anaibisa. Anzanga anandipatsa dzina loti Maso a Boma, ndipo ine, m'malo mochita manyazi, ndinkayenda nalo monyada. A Chikafa anandinong'oneza kuti dzina langa alipereka kuti ndidzakhale woyang'anira anzanga ntchitoyo ikatha. Miyezi yomweyo mnzathu wina anachotsedwa ntchito chifukwa anafufuta fomu n'kuisintha kuti mlamu wake alowe. Kuyambira tsiku limenelo, fomu ikangosainidwa, kuikhudzanso kunali kudziitanira kalata.

Disembala 2001

Dera la Mgona anandipatsa ine chifukwa kunali kufupi ndi kwathu. Inu simunalowemo, mumangouona mukamadutsa pamsewu. Nyumba zake n'zogundana, tinjira tothinana, ndipo mvula ikagwa madzi a m'ngalande amayenda limodzi ndi anthu. Ambiri ankakhalira maganyu a ku Kanengo, ndipo fodya akatha nyengo yake, kompaundi yonse inkauma. Atcheya a m'deralo ankalengeza dzulo lake kuti mawa kubwera mlendo wa ku boma, aliyense apezeke pakhomo.

Lachinayi lina ndinafika pa nyumba ya mayi wamasiye dzina lawo a Nangozo. Anali aang'ono thupi, olankhula motsitsa, ndipo atangoti takulandirani ndinadziwa kuti ndi a kwathu ku Ntcheu. Amuna awo anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo, n'kuwasiyira ana anayi ndi apongozi okalamba. Pabwalo panali posesa bwino. M'nyumba ndinapeza mipando iwiri yamatabwa yoyala nsalu zoluka, katebulo, ndi wailesi yomanga ndi legeni kuti mabatire asagwe, ikuyimba nyimbo za kwaya. Anandikhazika pampando, iwo n'kukhala pansi. Ndisanatulutse n'komwe pensulo, anandibweretsera tiyi wa shuga m'kapu yadothi ya maluwa, ndi sikono pambale.

Ndinawafunsa ngati katunduyo anali wawo. Anaweramitsa mutu n'kuyankha kuti ndi wa pakhomo pano. Nditawafunsa kuti amadya kangati patsiku, anamwetulira.

"Mulungu akutisunga, mayi. Sitidandaula."

Ndinalemba katatu. Ndinalemba wailesi, tebulo, mipando iwiri. Tiyi ndinamwa, sikono ndinadya yonse, chifukwa m'mawa ndinanyamuka osalawa kanthu. Ana anali ataima pakhomo akundiyang'ana, ine n'kumati akudabwa ndi chikwama changa. Tinacheza za kumudzi, za mbatata ya ku Tsangano, ndipo ndinatuluka mtima uli mbee, ndikuti koma mayi uyu ndi wolimba, umasiye sunamugwetse.

Nyumba yotsatira inali ya amake Dalitso, mayi wojintcha, woseka mokweza. M'kati munali mbee, mphasa yokha ndi ndowa pakona. Nditawafunsa ngati ali ndi wailesi, anati ilipo. Ndinati ili kuti? Anayang'ana kukhoma, n'kuti yangochokapo pang'ono. Mipando? Ilipo, nayo yachokapo. Ine ndinaseka mumtima. Ndinkadziwa kuti osauka ena amachita manyazi n'kumatchula zinthu zimene anagulitsa kalekale. Ndinawauza kuti asavutike, ine ndimalemba zimene ndaona. Mndandanda utatuluka, amake Dalitso analipo, a Nangozo panalibe.

Febuluwale 2002

Njala ya chaka chimenecho mukuikumbukira, makamaka iwe Chisomo, chifukwa ndiwe unkakafola pamzere wa chimanga m'bandakucha. Anthu ankadya madeya, ena nthochi zosakhwima. Ife tinatumidwa kubwerera m'makomo mwa amene ankalandira, kukaona ngati chimangacho chikufika. Nditalowa kwa amake Dalitso ndinaima pakhomo ngati wapondedwa. Mipando iwiri ija inali pomwepo ndi nsalu zake zoluka, katebulo, ndi wailesi ya legeni ikuyimba. Pashelefu panali kapu ya maluwa imene ndinamweramo.

Poyamba ndinapsa mtima, ndikuganiza kuti a Nangozo agulitsa katundu wawo chifukwa cha njala ndipo mayiyu wawadyera masuku pamutu. Ndinalankhula mawu olemera. Amake Dalitso anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anatseka chitseko n'kundiuza zonse. Katunduyo anali wawo kuyambira kale. Amuna awo anali mlonda wa pamwezi ku Kanengo, iwo ankagulitsa mandasi. Madzulo a tsiku limene atcheya analengeza, a Nangozo anabwera kudzabwereka mipando, chifukwa sakanalola kuti mlendo wa ku boma akhale pansi m'nyumba mwawo. Pa mdadada umenewo zinkatero nthawi zonse. Kukabwera abusa, ankhoswe kapena alendo a kumudzi, mipando yomweyo ndi wailesi yomweyo zinkayenda khomo ndi khomo. Shuga ndi masamba a tiyi anapereka ndi amake Dalitso omwewo. Sikono a Nangozo anagula ndi ndalama imene anapeza pochapa zovala ku 25, ndipo tsiku limenelo pakhomopo sanaphike.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndinakuuzani kuti zilipo, madamu, inu munati mumalemba za maso. Nanga ndikanati zili kwa a Nangozo? Ndimuvule mnzanga pamaso pa mlendo?"

Anati chimangacho ankagawana pakati ndi a Nangozo, koma amuna awo anali atayamba kung'ung'udza, poti nawonso abale a kumudzi anali atawadzadzira m'nyumba. Theka la thumba pa anthu asanu ndi mmodzi silinkafika pakati pa mwezi. Masiku otsalawo a Nangozo ankapita ku Kanengo kukasesa chimanga chotayika pomwe malole amatsitsira matumba, alonda akuwathamangitsa.

Ndinapita kunyumba kwawo. Sanalipo. Apongozi awo anali gone pachiguduli, miyendo itatupa, ndipo m'nyumbamo munalibe china choposa mapoto awiri ndi chingwe cha zovala. Ana anga, m'moyo mwanga ndachitapo manyazi, koma osati ngati tsiku limenelo. Ine wa ku Ntcheu, amene mayi anga ankabwereka mbale kwa a neba kukabwera alendo, amene ndinabwerekapo makapu tsiku la chinkhoswe changa, ndinakhala pampando wobwereka osazindikira. Anatiphunzitsa kugwira obisa chuma. Za obisa umphawi palibe anatiuza, ndipo sindikanafunika kuuzidwa.

Malichi 2002

Sabata yathunthu ndinayenda nayo nkhaniyi osauza munthu wa ku ofesi. Njira zinali zitatu. Kukhala chete, poti palibe akanadziwa. Kutenga mafomu awiriwo m'kabati n'kuwasintha mwakachetechete, zimene zinachotsetsa mnzathu uja. Kapena kulemba kalata yovomera kuti Maso a Boma analemba zabodza. Choipa china chinali chakuti a Nangozo anali a kwathu, ndipo aliyense akanati ndikukokera mbale wanga. Bambo anu, Mulungu awasunge, anandiuza kuti ndiganize za inu, kuti ntchito siitoledwa pamsewu, ndipo ngati mtima ukundivuta tizingowapatsa ufa pang'ono kuchokera m'nyumba mwathu. Sanalakwe. Ndinatumizadi kathumba ka ufa, koma tsiku lomwelo kanabwezedwa ndi uthenga woti zikomo kwambiri, pakhomo zinthu zili bwino.

Lolemba lotsatira ndinaika kalata patebulo la a Chikafa. Anaiwerenga kawiri, n'kuvula magalasi. Anapukuta nthawi yaitali.

"Mayi Zingani, mukudziwa chimene mwalemba apa? Mukuti mafomu anu a ku Mgona sitingawakhulupirire."

Ndinati ndikunena za awiri okha.

"Kulikulu sadzawerenga awiri. Adzafunsa kuti ena aja munakhalira mipando ya ndani."

Anandiuza mosabisa kuti kalatayo ikapita, za uyang'aniro ndiiwale, ndipo mwina andisuntha. Anati akhoza kuing'amba pomwepo, iye sanaione, ine sindinailembe. Anaigwira ndi manja awiri akundiyang'ana. Kunena zoona mtima wanga unkafuna aing'ambe. Ndinali nditayamba kale kuwerengera kuti ndikakwezedwa ndidzakugulirani chiyani. Koma pakamwa panga panatuluka mawu oti aitumize.

Yankho linabwera patapita masabata awiri. Ndinalandira kalata ya chenjezo, uyang'aniro anapatsa wina, ndipo anandisamutsira ku Chinsapo, minibasi ziwiri kuchokera kwathu, kumene ndinagwira mpaka 2009. N'chifukwa chake zaka zimenezo ndinkafika kunyumba mutadya kale. Za a Nangozo anati dzina likhoza kusinthidwa, wina atuluke wina alowe, pokhapokha mkulu wa ofesi akaone yekha ndi maso n'kulemba fomu yatsopano. Amake Dalitso atamva anangoti chotsani langalo, linkandilemera kale, ngakhale ndinamva kuti kunyumba kwawo kunali mawu masiku angapo.

Chinatsala chinali kukawakonzekeretsa a Nangozo. Ndinawapeza akupeta chimanga cha ku malole, chosakanikirana ndi mchenga. Ndinagwada n'kupepesa. Iwo anadabwa kuti ndikupepesa chiyani, poti mlendo salakwa kudya chimene wapatsidwa. Ndinawafotokozera kuti Lachisanu kubwera bwana wanga, ndipo ndinawachonderera kuti asabwereke kanthu, ngakhale supuni, nyumba ikhale mmene imakhalira, ndipo akafunsidwa za chakudya anene zoona. Anapitiriza kutola timiyala m'lichero. Kenako anafunsa ngati bwanayo ndi wamkulu kuposa ine. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndi bambo. Ndinati inde. Ndinachoka ndili ndi nkhawa.

Lachisanu a Chikafa anabwera pa minibasi, jekete ili pathupi, nsapato zopolisha. Kunali kutagwa mvula, ndipo pofika pa mdadadawo matope anali atawafika m'mathalauza. Anthu anaima m'makomo kuonerera. Ndinagogoda n'kulowa patsogolo. Wailesi munalibe, tebulo munalibe, tiyi panalibe. Apongozi aja anali atawakhazika tsonga pakona, atawafunditsa chitenje chochapa. Koma pakati pa nyumba, pa dothi losesa bwino, panali mpando umodzi wamatabwa, nsalu yoluka ili pamwamba.

A Chikafa anayang'ana mpandowo, n'kuyang'ana ine. A Nangozo anagwada chapatali, manja ali pamodzi, ndipo analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo.

"Bwana, mpandowo si wanga, ndi wa amake Dalitso. Mulembe choncho. Dzulo tinadya kamodzi, dzana sitinadye, mulembenso. Zonse ndikuuzani, sindibisa. Koma pansi simukhala m'nyumba mwanga."

Ndinaganiza kuti a Chikafa akana, kapena ayimirira mpaka kumaliza, chifukwa anali munthu wa malamulo. Anavula magalasi, koma sanawapukute. Anakoka thalauza pamawondo n'kukhala pampandopo, anathokoza mayiwo powalandira, n'kuwafunsa za moyo wa apongozi. Atatero anatambasula dzanja kwa ine, ndinawapatsa fomu ndi theka la pensulo. Anafunsa mafunso onse a masamba anayi, limodzi limodzi, mawu ali pansi kuti a panja asamve, ndipo a Nangozo anayankha onse akuyang'ana dothi, misozi ikugwera pachitenje. Ine ndinaima kumbuyo kwa a Chikafa, ndiye ndinaona ndi maso anga. Atafika pa funso la mipando, a Chikafa, ali khale pampando, analemba kuti palibe.